ZA PA MSEWU: Magudumu Akulu pa Galimoto Yaing'ono

Sabata ino tiyamba tasiya nkhani ya nkhokwe ndi anankafumbwe, pakuti owerenga angapo atilembera kufunsa chinthu chimodzimodzi, ndipo nkofunika kuti tiwayankhe ndalama zisanatuluke m'thumba. Funso lawo ndi ili: kodi nkwabwino kuchotsa magudumu amene kagalimoto kadabwera nawo ndi kuikapo ena akuluakulu, kuti kasamakhule mimba pa misewu yathu ya kumudzi?

Ino ndiyo nyengo imene ndalama zimaoneka m'midzi. Fodya wapita ku okushoni, soya ndi mtedza zagulidwa, ndipo mabanja ena amene akhala akusunga kwa zaka zingapo tsopano agula kagalimoto, ena koyendera okha, ena kochitira matola pakati pa mudzi ndi msika. Tigalimoto timeneti timachokera ku Japan titagwirako kale ntchito. Tambiri timatsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Mayina ake muwadziwa kuposa ife: Mira, Vitz, Sienta, Probox. Nkwabwino ndithu kuti mlimi akhale ndi chotengera wodwala kuchipatala usiku osayembekeza ngolo. Koma kumene tidapangidwa tigalimototi misewu yake ndi ya tala, yosalala ngati mphasa yatsopano, ndipo opanga ake sadaganizire za msewu wathu uja umene malole adaukumba ngalande ziwiri nasiya msana pakati. Magudumu akalowa m'ngalandezo, mimba ya galimoto imakhula pa msanawo. Mwala umodzi ukaboola sampu, imene imasunga oyilo pansi pa injini, oyilo amatha mwini wake asakudziwa, injini niuma. Apo ndalama za fodya wa chaka chonse zapita.

Tsono mnyamata wa pakhomo, amene kawirikawiri ndiye amagwira chiwongolero, amabwera kwa bambo ake ndi nzeru yakuti aikepo magudumu a galimoto yokulirapo kuti kakwere. Tisamuseke mnyamatayo, pakuti nzeru yakeyo ili ndi mutu. Aliyense amene adakankhapo wilibala ndi kupalasanso njinga adziwa kuti gudumu lalikulu limakwera mosavuta mwala umene laling'ono limaima nawo. Ngolo ya magudumu akulu imapepukira ng'ombe pa msewu wa miyala. Zonsezi nzoona. Chimene mnyamatayo waiwala ndi chakuti ngolo ndi galimoto siziyenda mofanana. Pa ngolo mphamvu ili kutsogolo, m'makosi a ng'ombe, ndipo gudumu limangotsata. Pa galimoto injini ndiyo imazunguza gudumu, ndipo imalizunguza kuchokera pakati penipeni. Gudumu likakula, mtunda wochokera pakatipo kufika pamene tayala lagunda nthaka umatalika, ndipo injini imalemedwa, monga mmene dzanja limalemedwera mukanyamula khasu lodzaza dothi mutagwira kunsonga kwenikweni kwa mpini wautali. Dothi ndi lomwelo, koma mkono umamva.

Pa galimoto ya injini yaikulu kulemedwa kumeneku sikumveka kwenikweni. Koma taganizani za Mira. Ku Japan kuli lamulo lakuti tigalimoto ta mtundu umenewu injini yake isapitirire 660 cc, ndipo tisanyamule anthu oposa anayi. Muyeso wa 660 cc ndiwo magawo awiri mwa atatu a lita imodzi. Njinga zamoto zina zazikulu zili ndi injini yoposa pamenepo. Kainjini kotere mphamvu yake idawerengedwa bwino lomwe pamodzi ndi magiya ndi magudumu ake, ndipo yotsalira njochepa. Mukakakulitsira magudumu, kagalimoto kamanyamuka mwaulesi, pa chitunda kamalira, ndipo woyendetsa amaponda mafuta kwambiri kuti kayende monga kale. Petulo ndiye amapita pamenepo. Tigalimoto tambiri ta masiku ano tilinso ndi giyabokosi yosintha yokha, ya mtundu wotchedwa CVT, imene m'kati mwake muli lamba wachitsulo. Giyabokosi yotereyi imadana ndi kukoka zolemera pa chitunda kwa nthawi yaitali, pakuti imatentha. Ndipo ikafa, amakaniko ambiri a kumudzi saitsegula, amangoti mugule ina.

Tiyeni tsono tiwerenge, pakuti mlandu uwu umaweruzidwa ndi manambala, osati ndi maso. Pitani pa galimoto yanu muyang'ane m'mbali mwa tayala. Mudzapeza zolemba zonga izi: 145/80R13. Nambala yoyamba, 145, ndiyo m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 80, ikunena za kutalika kwa khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika pamene limaponda, koma siili m'mamilimita ayi. Ikuti khomalo ndi magawo 80 pa 100 a m'lifupi muja, ndiye kuti mamilimita 116. Yotsiriza, 13, ndiyo kukula kwa limu m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, kotero limu imeneyi ndi mamilimita 330. Gudumu lonse likaimirira ndi limu pamodzi ndi makoma awiri, lapansi ndi lapamwamba: 330 ndi 116 ndi 116, zonse pamodzi 562. Awa ndiwo matayala amene Mira zambiri zimabwera nawo. Mwana wa Sitandade 7 angathe kukuwerengerani zimenezi pa pepala la m'kope.

Tinene kuti mwini Mira wapeza magudumu a Sienta yakale ija, imene idayamba kupangidwa mu 2003, olembedwa 175/70R14. Mukawerenga mwa njira yomweyo mupeza mamilimita 601. Gudumu lakula ndi mamilimita 39. Koma galimoto sikwera ndi 39 yonseyo ayi. Theka la kukulako lili pamwamba pa ekiselo, kumene silithandiza kanthu koma kudya malo. Lapansi lokha ndilo limakweza galimoto. Ndiye kuti mimba yakwera ndi mamilimita osakwana 20, kunenepa kwa chala chachikulu cha mwamuna. Ndalama zonse zija za malimu anayi ndi matayala anayi zagula chala chimodzi. Ndipo matumba awiri a feteleza, la makilogalamu 50 lililonse, mukawaika kumbuyo kwa kagalimoto kotere, chala chijanso chabwezedwa.

Pali chinanso chimene sichioneka. Wotchi ya liwiro imene ili kutsogolo kwa woyendetsa siona msewu. Imangowerenga kuti magudumu azungulira kangati, ndipo idaphunzitsidwa kuti kuzungulira kumodzi ndi mtunda wakutiwakuti. Gudumu la Mira likazungulira kamodzi limayenda mita imodzi ndi masentimita 77, pamene la Sienta limayenda mita imodzi ndi masentimita 89. Wotchi siidziwa kuti mwasintha. Ikadzaloza pa 80, galimoto idzakhala ikuthamanga monga inkathamangira kale wotchiyo ikaloza pa 85 kapena 86. Apolisi apamsewu ndi makina awo sadzamva zakuti wotchi yanu ndiyo idakunamizani. Nambala ya makilomita nayonso imatsalira: pa 100 alionse amene yalemba, inu mwayenda 107. Tsiku losintha oyilo limachedwa chotero, ndipo wa matola amene amawerengera mafuta ake pa makilomita amadzipusitsa yekha.

Koma chindapusa nchaching'ono poyerekeza ndi nkhani ya mabuleki, ndipo apa tikupempha kuti muwerenge mofatsa. Mabuleki nawonso amagwira gudumu pafupi ndi pakati, monga injini. Mpini uja ukatalika nawonso amalemedwa: phazi likaponda monga mwa masiku onse, mphamvu yoimitsa imene imafika pa msewu imachepa. Kuwonjezera apo gudumu lalikulu ndi lolemera, ndipo chinthu cholemera chikazungulira sichifuna kuima. Liwiro lobisika lijanso lili ndi mtengo wake, pakuti mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Chotero magawo 7 aja a liwiro amasanduka magawo 14 a mtunda: pamene kale galimoto inkaima itayenda mamita 35, tsopano iima itayenda 40. Mamita asanu aoneka ochepa pa pepala, koma m'mamita asanuwo ndimo mumakhala mwana amene akuthamangira mbuzi. Amene amatsika phiri la ku Chikwawa pochokera ku Blantyre, kapena msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, kapena wa ku Chiweta, adziwa fungo la mabuleki akapsa. Potsika pamenepo woyendetsa wanzeru amaika giya yaing'ono kuti injini imuthandize kugwira galimoto, ndipo magudumu akulu amafooketsa thandizo limenelinso.

Theka lija la pamwamba tanena kuti limadya malo. Opanga galimoto adasiya mpata pakati pa tayala ndi chitsulo cha thupi, woti gudumu lizikwera ndi kutsika pa mabampu ndi kukhota uku ndi uku. Pa kagalimoto mpatawo ndi wochepa. Pa galaja, galimoto ili yopanda kanthu ndipo chiwongolero chili chowongoka, zonse zimaoneka bwino, ndipo wogulitsa adzakutsimikizirani kuti zakwana. Mayeso enieni ali pa msewu, mutakwera anthu, mutakhota mpaka chiwongolero chitatha, gudumu limodzi lili m'dzenje. Apo tayala limakhula pa mphepete mwa chitsulo, kapena pa mbale imene sipuling'i imakhalapo, kapena, choopsa kuposa zonse, pa kapaipi ka labala kamene kamapititsa mafuta a mabuleki ku gudumu. Chitsulo chimadya khoma la tayala pang'onopang'ono monga mpeni wobuntha, kufikira tsiku limene liphulika. Kapaipi kaja kakabooka, phazi limangolowa mpaka pansi. Ena akamva kukhulako amatenga nyundo ndi kupinda chitsulo, kapena kudula ndithu. Pamene padulidwa pamalowa madzi, dzimbiri niliyamba, ndipo tsiku logulitsa galimotoyo wogula adzaona. M'dzinja matope a makande amamatirira m'mpata womwewo. Mpata ukachepa gudumu limagwidwa msanga, ndipo okwera amatsika kukapala matope ndi timitengo.

Pali gulu lina la anyamata amene safuna kukweza galimoto konse. Iwo afuna kuti iwale. Amenewa amagula malimu akuluakulu onyezimira a aluminiyamu, a mainchesi 16 kapena 17, ndi kuwaveka matayala opyapyala ngati lamba. Tiwerengenso. Sienta ija pa 175/70R14 khoma la tayala lake ndi mamilimita 122, gudumu lonse 601. Mukaiveka 205/40R17, khoma ndi mamilimita 82 okha, gudumu lonse 596. Limu yakula ndi mainchesi atatu, koma galimoto yatsika pang'ono m'malo mokwera. Chimene chatayika ndi mpweya ndi labala, ndipo pa msewu wa maenje khoma la tayala ndilo mtsamiro woyamba wa galimoto. Tayala lopyapyala likagwa m'dzenje limapanikizidwa pakati pa limu ndi mphepete mwa dzenjelo, nilituluka chotupa m'mbali kapena kung'ambika pomwepo. Limu yachitsulo ikapindika, womata matayala wa pa msika amaiwongola ndi nyundo, inu nkupitiriza ulendo. Ya aluminiyamu kawirikawiri imang'aluka, ndipo kumudzi woiwotcherera ngosowa. Tayala la 17 nalonso simudzalipeza pafupi. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malimu otere ngoyenera misewu ya m'mizinda, ndipo ngakhale kumeneko dzinja likafika eni ake amayenda mozemba maenje ngati munthu wovala nsapato zobwereka.

Ena amati tayala lotambalala ndilo labwino m'matope. Zimatengera dothi. Pa mchenga wa kunyanja, monga ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, lotambalala limathandizadi chifukwa silimira msanga, ndipo kuchotsako mpweya pang'ono pamchengapo kumathandiza koposa, malinga mupopenso mukafika polimba. Koma pa katondo woterera, amene pansi pake ndi polimba, tayala lowonda limacheka matope ndi kukagwira pansi, pamene lotambalala pa galimoto yopepuka limangosambira pamwamba. Chimene chimakoka m'matope ndi mano a tayala.

Kapena wina wachikulire afunsa kuti, nanga bwanji magalimoto aang'ono akale anali ndi magudumu akulu? Funso labwino. Mu 1948 kampani ya Citroën ya ku France idaonetsa kagalimoto kotchedwa 2CV, kamene kadapangidwira alimi a kumeneko. Amisiri ake adauzidwa kuti kazitha kudutsa m'munda wolimidwa katanyamula dengu la mazira, osasweka ndi limodzi lomwe. Injini yake yoyamba inali 375 cc yokha, yaing'ono kuposa ya Mira, komabe magudumu ake anali aatali. Kusiyana kwake nkwakuti anali owonda ndi opepuka, ndipo magiya, masipuling'i ndi mipata ya m'thupi zidapangidwa pamodzi ndi magudumuwo kuyambira pa pepala. Kagalimotoko kadapangidwa kufikira 1990. Volkswagen ija ya msana wa kamba, ya malimu a mainchesi 15, idapambana mpikisano wa Safari pa misewu yafumbi ya ku East Africa mu 1962. Pamene ku Britain mmisiri Alec Issigonis, popanga Mini ya 1959, adasankha malimu a mainchesi 10 okha kuti anthu anayi apeze malo m'galimoto yotalika mamita atatu. Amisiri onsewa adayeza galimoto yonse asanasankhe gudumu. Ife tikasintha timasintha gudumu lokha, magiya ndi mabuleki nkutsala akale.

Tsono za mabowo ndi manati, pakuti apa ndi pamene magudumu amathothoka galimoto ikuyenda. Malimu awiri angakhale onse ndi mabowo anayi koma osafanana. Pa Vitz, Mira ndi Sienta yakale mabowo anayiwo ali pa bwalo la mamilimita 100. Pa magalimoto ena ali pa bwalo la 114.3; ndipo Sienta imene idatuluka mu 2015 ili ndi mabowo asanu. Mmisiri amene atenga tupa ndi kukuza mabowo kuti limu ilowe mokakamiza, mumuthawe. Bowo lalikulu la pakati nalonso limasiyana: pa Toyota zazing'onozi ndi mamilimita 54, pa Honda 56. Manati a Toyota, Daihatsu ndi Honda mazinga ake ndi ena, a Nissan ndi Suzuki ndi enanso. Nati yolakwika imalowa pang'ono, nidya mazinga, nioneka ngati yamanga. Ndipo limu imene imatulutsa gudumu kunja kwa thupi, kapena mbale zimene ena amaika kuseri kwa limu kuti tayala lisakhule, zimalemetsa mabering'i. Nyamulani ndowa ya madzi mkono uli pafupi ndi thupi, kenaka muutambasule, mudzamva chimene bering'i imamva. Ikayamba kulira ngati njuchi pamene galimoto ikuthamanga, ndiye kuti yatopa.

Nanga mlimi amene galimoto yake ikukhuladi pansi achite chiyani? Ayambe wafunsa chifukwa chimene ikukhulira. Magalimoto ambiri amafika kuno masipuling'i ndi mashoko atatopa kale, ndipo galimoto yotopa imakhala pansi kuposa mmene idapangidwira. Kuika atsopano a muyeso wake kumabweza msinkhu umene udatayika, popanda kusokoneza mabuleki kapena wotchi. Kenaka ayang'ane katundu. Probox, imene ndi galimoto yonyamuladi katundu, opanga ake adailembera makilogalamu 400, ndiwo matumba 8 a chimanga, mutakwera anthu awiri okha. Ngati Probox ndi 8, nanga Mira ndi angati? Tonse taonapo tigalimoto tikuchoka pa msika kumbuyo kuli pansi, kutsogolo kukuyang'ana kumwamba, pamwamba pali mbuzi. Palibe gudumu limene lingachiritse zimenezo. Maulendo awiri ngotsika mtengo kuposa sampu imodzi. Ayang'anenso mpweya. Mukatsegula chitseko cha woyendetsa mudzapeza kapepala komatidwa pa mzati, kolembedwa kukula kwa matayala oyenera galimotoyo ndi mpweya wake. Tayala lopanda mpweya wokwanira limatsitsa galimoto, limatentha, ndipo limadya mafuta. Poteteza sampu, mmisiri wowotcherera angathe kukupangirani mbale yachitsulo yomangidwa ndi mabawuti pansi pa injini, atasiya bowo lotulutsira oyilo ndi mipata yopitira mphepo. Mtengo wake sufika wa magudumu anayi. Ndipo pa msewu wa msana pakati woyendetsa wozolowera salowetsa magudumu onse m'ngalande. Amayendetsa mbali imodzi pamwamba pa msanawo, ina m'mphepete mwa msewu, pang'onopang'ono.

Ngati zonsezi zachitika ndipo mufunabe kukweza pang'ono, pali malire amene ogulitsa matayala odziwa ntchito amatsata: gudumu latsopano lisapose lakale ndi magawo opitirira 3 pa 100. Sungani limu yomweyo, mukwere sitepe imodzi yokha. Pa Sienta yakale 185/70R14 imafika mamilimita 615, pa Mira 155/80R13 imafika 578, ndipo zonse ziwiri zili m'kati mwa malirewo. Galimoto ikwera ndi mamilimita 7 kapena 8 okha, nzoona, koma khoma lotalikirapo limateteza limu m'maenje, ndipo limeneli ndilo phindu lenileni. Amene sakonda masamu atenge chingwe, azunguze tayala lakale lopopedwa, aike mfundo, kenaka azunguze latsopano. Chingwe chikaperewera ndi masentimita opitirira asanu, tayalalo lakula kwambiri. Musinthe onse anayi pamodzi. Magudumu awiri osiyana kukula pa ekiselo imodzi amakokera galimoto mbali imodzi poima, amavutitsa defa, ndipo amasokoneza makina a ABS amene amawerenga kuzungulira kwa gudumu lililonse. Pa galimoto yokoka ndi magudumu onse anayi vutoli limakula koposa. Musaiwale sipeya, pakuti nayo iyenera kufanana ndi anzake ndi kulowa m'malo ake osungira. Mukamanga, pakani choko m'mbali mwa matayala, mukweze anthu, mukhote chiwongolero mpaka chitatha mbali zonse ziwiri, mudutse kangalande mopingasa pang'onopang'ono, kenaka mugwade ndi kuyang'ana pamene choko chafufutika. Mutayenda makilomita 50 mumangenso manati onse.

Popeza ambiri a inu mugula matayala a kaunjika, tamvani zizindikiro zina ziwiri. M'mbali mwa tayala, pafupi ndi zilembo zakuti DOT, muli manambala anayi amene amanena tsiku lobadwa la tayalalo: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Likalembedwa 2318 lidapangidwa sabata ya 23 ya 2018. Opanga matayala ambiri amati lofika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano alipo, pakuti labala amakalamba ndi kung'aluka. Pambuyo pa manambala a kukula aja palinso nambala ina ndi chilembo, monga 75S kapena 84S. Nambalayo ikunena katundu amene tayala limodzi lingasenze: 75 ndi makilogalamu 387, 80 ndi 450, 84 ndi 500. Musagule la nambala yotsika kuposa imene galimoto idabwera nayo, ngakhale lioneke lalikulu chotani. Chenjeraninso ndi matayala a nyengo ya chipale chofewa amene magalimoto ena a ku Japan amabwera nawo. Mano ake ali ndi timing'alu tambirimbiri ndipo amaoneka okongola, koma labala wake ngofewa, ndipo pa tala wotentha wa mwezi wa Okutobala amatha msanga ndi kuchedwa kuima.

Kumbukirani kuti ofesi ya Road Traffic isanapereke chiphaso cha COF imayang'ana matayala ndi mabuleki, ndipo kampani ya inshuwalansi ingathe kuvuta kulipira ngozi ikaona kuti galimoto idasinthidwa osaiuza. Inunso amayi, galimoto imeneyi mudailimira nawo, ndipo ndinu mumaikwera ndi ana popita ku sikelo. Mnyamata akabwera ndi nkhani ya malimu, mumutume akawerenge kapepala ka pa chitseko kaja mokweza, bambo ake ali pomwepo.

Amene ali ndi funso lina la galimoto yake, polemba kalata alembemo dzina la galimotoyo, manambala onse a pa tayala ndi a pa kapepala ka pa chitseko, pakuti popanda amenewo sitingathe kuyankha. Sabata ya mawa tidzakamba za kuumitsa chimanga chisanalowe m'matumba.